Dzanja la Mwini pa Phewa la Amuna Anga

1

Ndine mayi wa zaka 47, wa ana atatu ndi bondo limodzi lovuta, koma kuntchito ndine mzukwa wa mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Musathawe, ndi ntchito chabe. Timatenga makatuni akunja, aja a anthu a maso ngati mbale ndi tsitsi lobiriwira, n'kuwaika mawu m'chilankhulo chathu. Ana anu akamagubuduka ndi phwete Loweruka m'mawa pa wailesi yakanema, dziwani kuti ndife.

Nkhani ya katuni wathu ndi iyi. Mnyamata wasukulu atola ambulera yakale. Mu ambuleramo mumakhala mzukwa wa mtsikana, wansanje zedi, umene umatuluka mvula ikamagwa basi. Mzukwawo ndine. Mnyamatayo ndi amuna anga, bambo a zaka 53, a dazi ndi kamimba, amene akaima pa maikolofoni amatulutsa mawu a mwana wosadziwa n'komwe lumo. Situdiyo yonse imawatcha a Mnyamata, ndipo iwo amavomera ndi mtima wonse. Samwa madzi ozizira. Savula mpango m'khosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amati kholingo lawo ndi chuma cha dziko.

Kuwonjezera pa uzukwa, ndine ndinkatembenuza mawu a katuniyo. Ntchito imeneyi si ya kudziwa zilankhulo kokha ayi. Umayang'ana milomo ya katuni. Ikatseguka kasanu, umalemba mawu okwana kasanu. Ukawonjeza, katuni amatseka pakamwa munthu akulankhulabe, ndipo otsogolera athu amakuwa mawu amodzi okha amene amawadziwa bwino: "Bwerezani!" Ndiye dzina lawo linasanduka lomwelo.

Kachipinda kojambulira mawu timakatcha bokosi. Makoma ake ndi a siponji, mpweya ndi wopempha. Umalowa wekha, umavala zomverera m'makutu, umayang'ana kanema. M'makutumo mumalira kabelu katatu, pi, pi, pi, ndipo pachinayi, pamene sikalira, m'pamene umayamba kulankhula. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuuza amuna anga mawu achikondi m'bokosimo, iwo ali panja akumwa tiyi wofunda.

Banja lathu linali choncho, ndipo sindinkadandaula.

2

M'chigawo chomaliza cha katuniyo munabwera munthu watsopano: mtsikana wothamangitsa mizukwa ndi mchere, amenenso maso ake anagwera pa mnyamata wa ambulera. A Bwerezani anabweretsa mwana wa zaka 24 kuti azilankhula mawu ake. Pofika masana tinali titamutcha kale Wamchere.

Anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Amayi, ine ndakula ndi mawu anu."

Mawu oterewa ndi chipongwe chovala diresi yakutchalitchi. Ndinamwetulira. Kenako analowa m'bokosi, natsegula pakamwa, ndipo wamakina, munthu amene sanasekepo chiyambire kulembedwa ntchito, anawomba m'manja.

Patatha masabata awiri, pa msonkhano wa Lolemba, amuna anga anakonza mpango wawo n'kulengeza.

"Kuyambira lero, ine ndikamajambula, mwanayu azilowa nane m'bokosi."

"Bokosi ndi la munthu mmodzi, a Mnyamata," anatero a Bwerezani.

"Luso likafika pamene lafika langali, limafuna mpweya wa mnzako pafupi. Si zoti aliyense angazimvetse."

Ine ndinali nditakhala kudzanja lawo lamanja. Ndinalankhula motsitsa, koma mokwanira.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, mpweya wanga simunaufunepo."

Anthu anaseka. Iwo sanatembenuke n'komwe. Anapitiriza kuyang'ana pepala ngati palibe walankhula.

Kunyumba zinthu zinali zitayamba kale kusintha, kungoti tsopano ndinazipezera chifukwa. Ndikawaitana ndili kukhitchini, zii. Ndikayamba nkhani pabalaza, ankakweza wailesi mpaka makapu kunjenjemera. Anasintha mbali yogona pabedi osapempha. Foni ikalira sankayankha, ankangolemba mauthenga, nkhope ili pafupi ndi galasi ngati wakuba. Lachiwiri lina masana anati akukameta. Anabwera patatha maola atatu.

"Bambo, munthu wadazi amameta chiyani maola atatu?"

"Ee, kunja kwatenthadi," anayankha.

Mawa lake wamakina anandiuza, osadziwa kuti akuthira mafuta pamoto, kuti Wamchere nayenso anapempha kutuluka masana omwewo.

3

Chitseko cha bokosi chili ndi kawindo kakang'ono cham'mbali. A Bwerezani ndi wamakina amakhala kutsogolo, kuseri kwa galasi lalikulu, ndipo amaona nkhope ya wolankhula basi. Kawindo kaja kamaonetsa msana.

Lachitatu m'mawa ndinadutsa pamenepo ndi mapepala. Sindinganame kuti ndinangodutsa. Ndinaima.

Amuna anga anali pa maikolofoni. Wamchere anali kumbuyo kwawo, pafupi kwambiri, atavala zomverera zachiwiri. Dzanja lake linali paphewa pawo, kunsi kwa mpango uja umene ine sandilola ngakhale kuuchapa. Zala zake zinkagogoda pang'onopang'ono, ngati mlendo wodziwa kuti amutsegulira. Ndiyeno amuna anga, ndi mawu awo a kamnyamata, anati:

"Usachoke pafupi ndi ine."

Mawu amenewo ndinawalemba ndine, ndi cholembera changa.

Sindinakuwe. Sindinagwetse mapepala. Ine ndinaleredwa bwino. Ndinabwerera pa desiki, ndinakhala pansi, ndinatsegula tsamba la mawu a Wamchere a sabata yotsatira.

Akazi ena amapita ndi chitenje m'chiuno. Ena amapita kwa alongo awo. Ine ndinali ndi chida chimene palibe akanachiona. Pamene milomo ya mtsikana wa mchere inkatseguka kawiri, pofunika kungoti "Choka!", ndinalemba kuti "Tandichokereni pano!" Pamene inkatseguka kasanu, ndinamupatsa mawu a kasanu ndi katatu. Osati paliponse. Apa ndi apo, ngati mchenga mu mpunga.

Lolemba mwana uja analowa m'bokosi. Pi, pi, pi. Anayamba bwino, koma katuni anatseka pakamwa iye ali pakati.

"Bwerezani!"

Anathamangitsa lilime. Mawu anaphwanyika.

"Bwerezani! Kodi mukuthamangira kukakwera basi?"

Pofika Lachinayi, a Bwerezani anali atasasa mawu. Masana Wamchere anabwera pa desiki yanga, pepala lili m'manja, chala chili pa mzere umodzi.

"Amayi, mawuwa akundichulukira. Tingadulepo pang'ono?"

"Mwana wanga, ife tinayamba ntchitoyi makina ali a matepi. Ukalakwitsa, ankakutulutsa. Lilime limaphunzira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Osati mwaukali. Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira munthu amene wavala malaya motembenuza koma sungamuuze.

"Chabwino, amayi."

4

Patatha masabata atatu a Bwerezani anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

"Mayi, inu ndinu akale pano. Mwanayu anayamba ngati moto, pano tsamba limodzi likutidyera tsiku lonse. Mukumuona bwanji?"

"Ndi mwana wabwino," ndinatero. "Waulemu. Mwina pa ntchito ina."

Lachisanu anamuchotsa. Anati mawu ake otsalawo apeza wina. Mwana uja anatenga kapu yake ndi juzi, natsanzika aliyense, ngakhale ine. Pakhomo anakumana ndi amuna anga. Anaima kutsogolo kwawo penipeni, maso ndi maso, nalankhula pang'onopang'ono, ngati akufuna liwu lililonse likhazikike.

"Auzeni, bambo. Chonde, auzeni."

Ndinali pa masitepe atatu okha.

"Andiuze chiyani?"

Wamchere anatuluka. Amuna anga anamanga mpango n'kulowera kuchimbudzi cha abambo, kumene anakhalako mpaka ine kutopa.

Loweruka m'mawa, ana atapita kwa anzawo, ndinawapeza atakhala patebulo akuwerenga nyuzi, atandifulatira. Ndinaima pakhomo la khitchini. Sindinafune kuona nkhope yawo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikaiona ndifewa. Ndinalankhula kwa msana wawo, modekha, mawu amene ndinawakonza sabata yathunthu. Ndinanena za zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinanena za nthawi imene tinkagona pansi m'chipinda chimodzi, maikolofoni yobwereka ili pa ndowa. Ndinanena za dzanja lija.

"Ngati mtima wanu uli kwa mwana uja, nenani. Ngati ndikulakwitsa, tembenukani mundiuze kuti ndikulakwitsa. Basi. Mungotembenuka."

Ndinadikira.

Anatsegula tsamba lina la nyuzi.

Ndinalowa kuchipinda, ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, ndinalongeza, ndinaikankhira kunsi kwa bedi. Lolemba tinali ndi gawo lotsiriza la katuni. Ndinati tikangomaliza kujambula, ine ulendo kwa achemwali anga, ndipo banja lithere pomwepo pamodzi ndi ambulera.

5

Gawo lotsirizalo ndinkadana nalo chiyambire kuliwerenga. Mvula imatha, mzukwa umazindikira kuti nsanje yake yakhala ikumuzunza mnyamatayo, ndiye umamusiya m'manja mwa mtsikana wa mchere n'kuzimiririka. Ndinkati olembawo sanakwatiwepo.

Lolemba m'mawa amuna anga analowa m'bokosi okha, koyamba m'miyezi iwiri. Ine ndinakhala kuseri kwa galasi pamodzi ndi a Bwerezani ndi wamakina, manja ndapinda, kudikira nthawi yanga.

Pi, pi, pi.

Zii. Pa kanema, kamnyamata kanatsegula pakamwa n'kutseka ngati nsomba. Katamaliza, m'pamene amuna anga anayamba.

"Bwerezani!"

Pi, pi. Anayamba kabelu kasanathe.

"Bwerezani!"

Kachitatu anachedwa. Kachinayi anachedwanso. Kachisanu ndi chiwiri thukuta linali litatsika pa dazi mpaka kunyowetsa mpango. Maso awo anali atamatirira pa milomo ya katuni, kuyesa kulosera pamene itsegukire. A Bwerezani anadina batani lolankhulira m'makutu mwawo.

"A Mnyamata, kodi mukudwala?"

Amuna anga anamwetulira, nakweza chala chachikulu.

"Inde, inde! Tiyeni!"

A Bwerezani anayang'ana wamakina. Wamakina analoza makina ake.

"Bwana, ndakweza mpaka kumapeto. Munthu wina bwenzi makutu ataphulika."

Zinthu zinayamba kugwa m'mutu mwanga chimodzichimodzi, ngati mbale pa shelefu yothyoka. Wailesi yokwezedwa ija. Mbali ya bedi. Foni. "Kunja kwatenthadi." Mwana uja kuima kutsogolo kwawo penipeni. Ulaliki wanga wa Loweruka, umene ndinaupereka kwa msana wa munthu. Ndi zala zija paphewa. Ndinaziwerenga tsopano, mochedwa ndi masabata anayi. Kamodzi, kawiri, katatu.

"Ngati zafika apa," a Bwerezani anali kunena motsitsa, "tiyenera kuganiza zina. Mawu a kamnyamata ali mbwee kunjaku."

Ndinaimirira. Bondo linalira. Ndinatsegula chitseko cha bokosi.

Amuna anga anatembenuka, ndipo nkhope imene ndinaona sinali ya chuma cha dziko. Inali ya munthu amene wagwidwa. Ndinatenga zomverera zachiwiri pa msomali, ndinaima kumbuyo kwawo, ndinalowetsa dzanja kunsi kwa mpango.

Wamakina ndinamugwedezera mutu.

Pi, pi, pi. Ndinagogoda katatu.

"Ambulera yanga ili kuti?" anatero amuna anga, ndendende pa milomo ya katuni.

Ndamvapo mawu okoma pa moyo wanga. Sindinamvepo oposa amenewo.

6

Nthawi yopuma masana tinakhala pa masitepe akumbuyo. Ndinakhala kumanzere kwawo, ndinawayang'ana kumaso.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha. Lamanjali linatha. Lamanzere latsala pang'ono, koma kabelu kaja sindikamva."

"Kometa kuja?"

"Kuchipatala. Mwana uja ndiye anandikoka. Mayi ake samva chibadwire, ndiye anandigwira sabata yoyamba yomwe. Anati ndimayang'ana anthu pakamwa."

"Nanga ine, bwanji osandiuza?"

Anasewera ndi nsonga ya mpango.

"Munthu wa mawu akasiya kumva, watsala chiyani? Kwa ena ndikhale chilichonse. Kwa inu ndimafuna ndikhalebe a Mnyamata."

"Bambo, ine ndinakusamaliranipo mutatsegula m'mimba masiku anayi. Ulemerero umene mukuubisawu ndi uti?"

Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa.

"Chikundipweteka ndi mwana uja. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Ankaima nane maola atatu, n'kumakalowa zake atatopa. Ndine ndamuchotsetsa ntchito."

Apa ndikanatha kukhala chete. Palibe akanadziwa. Iwo anali atadzisenzetsa kale mlandu, ndipo unkawakhala bwino. Ndinayang'ana pansi n'kunong'ona.

"Si inu. Ndine. Ndinkamuwonjezera mawu dala."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ndine."

"Kwezani, mayi, ndipo mundiyang'ane."

Anthu ena Mulungu amawalola kuulula machimo awo chamumtima. Ine anandipatsa mwamuna wosamva ndi masitepe a konkire amene amabweza mawu.

"NDINE! NDINKAMUWONJEZERA MAWU DALA KUTI ALEPHERE! NDINKAYESA NDI CHIBWENZI CHANU!"

Amuna anga anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndikuganiza kuti mbali ina ya mtima wawo inakondwera kuti ndinawaganizira zoterozo pa msinkhu wawo. Koma sanapeze mpata woyankha. Pamwamba pa masitepe panali a Bwerezani, kapu ya tiyi ili m'manja, wamakina ali kumbuyo kwawo.

"Bwerezani," anatero, motsitsa kwambiri. Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawuwo osakuwa.

Ndinabwereza. Masana omwewo anandilanda ntchito yotembenuza mawu, ntchito imene ndinaigwira zaka khumi ndi zinayi. Za makutu a amuna anga anangoti, "Bwenzi mutanena, tikanaika getsi m'malo mwa kabelu." Anandisiyira mzukwa, poti unatsala ndi tsamba limodzi. Kenako anandilembera pa kapepala kumene Wamchere amapezeka.

"Mukamutenge nokha. Akakana, inunso musabwere."

7

Ndinamupeza pa kashopu ka azakhali ake akupachika zikwama. Anandiona, koma sanandipatse manja awiri. Ndinanena zonse nditaimirira, makasitomala awiri akumvetsera mwaulere.

"Ndinadziwa tsiku lachiwiri, amayi," anatero. "Kuwerenga milomo ndimatha."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndikananena, akanakufunsani chifukwa. Inu mukanatchula dzanja. Dzanja likanaulula makutu. Ine ndinalonjeza."

Mwana wa zaka 24. Ine pa zaka zimenezo ndinkalephera kusunga chinsinsi cha keke.

"Ndikhululukire, mwana wanga."

"Sindinafike pamenepo. Kubwera ndibwera, chifukwa mtsikana wa mchere uja ndi wanga. Koma mawu ndizidula ndekha."

Anabwera Lachitatu. Mawu ake otsala anawajambula onse dzuwa lisanapendeke. Mpaka lero amandipatsa moni ndi dzanja limodzi, ndipo sindinapemphe lachiwiri.

Tsamba langa lomaliza ndinajambula Lachisanu. Mzukwa umapinda ambulera, n'kuuza mtsikana wa mchere kuti, "Umusamale, amaiwala zinthu." Ndinalira zenizeni. Ndinamaliza ndikuyembekeza kuti kuseri kwa galasi anthu aimirira.

"Mzukwa ulibe mamina, mayi," anatero a Bwerezani. "Bwerezani."

8

Amuna anga tsopano amavala kachipangizo kothandiza kumva. Poti tsitsi lobisira alibe, amauza anthu kuti ndi chida cha akatswiri a mawu, chimene si aliyense angachimvetse. Ndikayamba kudandaula za bondo, ndimaona chala chawo chikukwera mwakachetechete kukazimitsa. Sutikesi ija ndinaimasula iwo ali kubafa. Za iyo adziwira m'magazini ino, ngati mmene mwadziwira inumu.

Inu owerenga, makamaka inu amene mwakhalitsa m'banja mpaka kuyamba kuganiza kuti mnzanu munamuwerenga kale mpaka tsamba lomaliza, sindikuuzani kuti musamachite nsanje. Manja ena paphewa ndi akubadi. Ine changa ndi funso limodzi, limene limandipeza ndikamatsuka mbale. Ndinagona bedi limodzi ndi munthu chaka chathunthu makutu ake akufa, ine osazindikira. Mlendo anazindikira sabata imodzi. Kodi m'nyumba muja wosamva anali ndani?

Masiku ano ndikafuna kulankhula nawo sindikuwa ndili kukhitchini. Ndimapukuta manja, ndimayenda ndi bondo langali mpaka pamene akhala, ndimagogoda paphewa katatu.

Pachinayi amatembenuka.